Sisiliya Wakale

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene anthu a m'mudzi mwathu anayamba kunditchula kuti Sisiliya wakale. Dzinali silinandichoke mpaka lero, ngakhale kuti mwana wanga woyamba akadali kumsana.

Kwathu ndi kumapiri a ku Ntchisi, chakumalire ndi Dowa. Amayi aang'ono atamwalira, mwana wawo wamkazi anabwera kudzakhala nafe. Tinali a msinkhu umodzi, tinkagona pamphasa imodzi. Dzina lake linali Mwatitha. Anam'patsa dzinali chifukwa akulu ake awiri anamwalira ali makanda, ndipo iye ankadana nalo koopsa. Ana akamuseka nalo sankalira ayi, ankamenya. Kumjigo ankadziwika, chifukwa analumapo mtsikana wina khutu pokanganirana mzere wa zidebe.

Ine ndinali wamanyazi, monga ndilili leromu. Mlendo akandilonjera ndinkayang'ana pansi n'kumakanda dothi ndi chala chakuphazi. Anthu ankauza amayi kuti, "Nabanda, mwana wanu uyu ndi wofatsa. Ndiwo ubwino wobatiza mwana akadali khanda." Ndinkamva kukoma. Ubatizo wangawo sindinkaukumbukira, koma ndinkadziwa kuti ndili ndi chinthu chimene Mwatitha alibe.

Kenaka amayi anamulowetsa kalasi ya ubatizo. Loweruka masana iye ankasamba n'kupita kutchalitchi, ine ndikutsala m'chigafa ndikusoka fodya, manja atada bii. Akabwerako, amayi ankamufunsa mapemphero uku akusadzula nkhwani pakhonde. Akalakwitsa ankaseka n'kumubwereza mofatsa. Ine mapempherowo ndinkawadziwa onse, choncho panalibe wondifunsa.

Itayandikira Pasaka ya chaka chobatizidwa, amayi anapita naye ku Mponela kukasoketsa diresi loyera. Ine ku Mponela ndinali ndisanapondeko. Mwatitha anandibweretsera mandasi atakulunga m'pepala, koma ndinakana, ndinati m'mimba mukundipweteka. Diresilo analipachika pamsomali kuchipinda kwa amayi. Ndikamasesa m'menemo ndinkalinunkhiza. Linkamveka fungo la nsalu yatsopano ndi la makala a m'simbi.

Tchalitchi chathu chinali chaching'ono, kutali ndi parishi, choncho bambo mfumu anabwera pa njinga yamoto Lamulungu lotsatira Pasaka. Amayi ndiwo anali mayi wake wa ubatizo. Anaima kumbuyo kwake, dzanja lili paphewa pake. Kwathu wobatizidwa ali wamkulu amadzisankhira yekha dzina la woyera, ndipo Mwatitha anali asanandiuze lake. Ndinangomva bambo mfumu akuti, "Sisiliya!" Ndinadzidzimuka, ndinatsala pang'ono kuimirira, kuyesa akuitana ine. Koma madzi anali akutsika pankhope ya Mwatitha, azimayi akuimba nthungululu, amayi akupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

Kunyumba kunali mpunga ndi nkhuku, ndipo ntchafu anaikira iye. Mayi wina woyandikana nafe anatiyang'ana tonse awiri n'kuomba m'manja. "Nanga tiziwasiyanitsa bwanji? Basi, uyu ndi Sisiliya watsopano, uyo ndi wakale!" Anthu anaseka mpaka kutsamwa. Ine mpunga uja ndinausiya m'mbale.

Kuyambira tsikulo, amayi akaitana kuti "Sisiliya!" tonse tinkathamanga. Nthawi zambiri ankati, "Ayi, osati iwe, mnzakoyo." Mawu amenewa ankandilasa kuposa mkwapulo. Mumtima ndinkati: wanditengera malo pamphasa, wanditengera amayi, lero wanditengera ndi dzina lomwe. Chatsala n'chiyani?

Tsiku lina ndinalimba mtima, ndinapita kwa a Kamphale, aphunzitsi a katekisimu. Ndinawapeza akumata chubu cha njinga yawo. Ndinagwada chapatali.

"Lankhula, mwanawe, guluu wanga akuuma."

"Ndikufuna kubatizidwa."

"Iwe si Sisiliya wa Nabanda? Ndinalipo ine tsiku lako. Unalira mpaka kwaya inasiya kuimba."

"Koma ine sindinaone."

"Madzi amene aja sathira kawiri. Nanga tikakubatizanso utenga dzina la ndani? La Mwatitha? Limenelo lilipo, lilibe mwini."

Anaseka okha, ine ndinabwerera ndikulira m'njira ya m'chimanga.

Ndiye ndinayamba kudikira. Ndinkadziwa kuti diresi silisintha munthu. Ndinkafuna tsiku limodzi lokha loti Mwatitha adzamenye munthu, kuti amayi ndi mudzi wonse aone kuti Sisiliya weniweni ndi uti.

Tsikulo linafika nthawi yokumba mtedza. Kumjigo kunali mzere wautali. Eneresi, mtsikana wolumidwa khutu uja, anamenya theche chidebe cha Mwatitha, chinagubuduka mpaka m'matope.

"Mwatitha! Ukuyesa tayiwala? Diresi loyera lija linali lobwereka, khalidwe ndi lomwe lija. Tandilumenso tione, wamasiye iwe!"

Aliyense anasiya kupopa. Ine mtima wanga unkavina. Ndinaona Mwatitha atakunga zibakera, mitsempha ya pakhosi itatuluka. Kenaka anawerama, anatola chidebe chake, anachipukuta ndi udzu, n'kukaima kumapeto kwa mzere. Eneresi anatsala ali yekha pakati, osadziwa pobisa manja.

Pobwerera, zidebe zili pamutu, ndinalephera kupirira.

"Bwanji sunam'menye?"

"Ndinafuna. Manja anga akuyabwabe mpaka pano."

"Nanga?"

"A Kamphale anati Mwatitha anatsala m'madzi muja. Ndikam'menya Eneresi ndiye kuti ndakamuvuula Mwatitha uja. Komanso anthu azikati Sisiliya wamenya munthu. Dzina lako limenelo."

"Ngati ukudziwa kuti ndi langa, unalitengeranji? Oyera atha? Maria analipo, Tereza analipo."

Anayenda patsogolo panga mpaka tinafika pa chulu cha pafupi ndi dimba lathu. Madzi ankamudonthera kumsana.

"Sunamvepo mmene amayi amakuitanira? Akamati Sisiliya, mawu awo amafewa. Dzina langa lija, aliyense wolitchula ankakhala ngati akukumbukira maliro. Ndinkangofuna kuti nanenso wina azindiitana choncho." Anakonza nkhata pamutu. "Ukafuna ndisiya kuyankha. Uziyankha wekha."

Zaka zonsezo iye ankandichitira nsanje pa chinthu chimene ine sindinkachiona n'komwe. Ndipo ine, wofatsa wa m'mudzi uja, ndinali nditaima pamjigo ndikupempha mumtima kuti m'bale wanga agwe.

Nsanjeyo sinathe tsiku lomwelo, ndisaname. Inangosintha malo. Diresi ndinaliiwala, ndinayamba kusirira china. Mwatitha ankadziwa chimene anasiya ndi chimene anatenga. Tsiku lililonse ankadzuka ngati munthu amene wapatsidwa munda watsopano, woti aulime ndithu. Atadwala Eneresi, iye ndi amene ankakatungira madzi amayi a Eneresiyo. Ine ndinali ndisanasiyepo kanthu kalikonse. Kukhala chete kwanga sikunali mtendere, anali mantha, ndipo pansi pake pankatukusira zambiri.

Madzulo a tsiku la kumjigo lija, amayi anaitana kuti "Sisiliya!" ali kukhitchini. Mwatitha anakhala chete, anandiyang'ana. Ndinam'gwira dzanja, tinapita tonse.

Sukulu sindinapite nayo patali, ndinakwatiwa chakuno ku Mvera. Chaka chatha tinabatiza mwana wanga wamkazi. Apongozi anga ankafuna m'bale wawo kuti akhale mayi wa ubatizo, ndipo ine, amene ndimaopa ngakhale kutsokomola pamaso pawo, ndinagwada n'kunena kuti ayi, ndili naye kale. Sisiliya watsopano ndi amene anam'nyamula. Madzi atamugwera, mwanayo analira kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti nayenso sadzakumbukira kanthu.

Tsopano ndikumvetsa zimene a Kamphale ankanena akuseka. Madzi sathira kawiri, koma ife obatizidwa tili kumsana timatha kukula nawo ubatizo uli chipachikire pamsomali, ngati diresi loti sitinalivalepo. Kubadwanso kumayamba tsiku limene munthu wasiya kanthu ndi manja ake. Mwatitha anasiya zibakera m'matope a pamjigo. Ine ndikuphunzira kusiya nsanje, pang'onopang'ono, ngati kuzula khovani. Mwana wanga akadzakula ndidzamuuza za tsiku lake, ndipo ndidzamutumiza kwa mayi wake wa ubatizo kuti akaone mmene chovalacho amavalira. Tikapita kumudzi, amayi amaitanabe dzina limodzi, ndipo timayankha awiri.