Njovu ya Anaphiri

Foni inalira ndili m'munda wa nyemba, mdzukulu kumsana, khasu m'manja. Anali Tumpale, mwana wanga namwino, amene anapita ku India kukawonjezera sukulu. "Amama, Loweruka atipititsa ku Rajasitani kukaona malinga a mafumu. Ndidzaimba ya vidiyo, muone nokha." Khasu uko! Nthungululu mpaka mwana kudzidzimuka kumsana. Wanga, wanga, wobala ine, kunyumba za mafumu! Koma nthungululu isanathe, kanthu kanandiluma pamtima. Dzina la dziko limenelo ndinalimva kalekale, ndipo mwini wake anali Anaphiri.

Ndikakumbukira Anaphiri ndimamva fungo la tiyi wa jinja akuwira pambaula, kusakanikirana ndi utsi wa makala ndi fumbi la pa Chitipa boma. Tinkakhala moyandikana chaka chija akuluakulu ankakangana za nyali ndi tambala, ine ndili kamtsikana kongoyamba kusenza ndowa yaikulu. Iwo anali a ku Dedza, amuna awo ogulitsa mugolosale. Ali mtsikana ankalera ana a Amwenye ku Limbe, ndipo banjalo linawatenga popita kuukwati kwawo. Miyezi iwiri yokha, koma ankaitafuna zaka ndi zaka osaimeza.

Masana azimayi akakhala pakhonde kusola mtedza, Anaphiri ankayamba. Linga lokwera phiri ngati njoka, lalitali moti mwendo umalira. Amisiri osema maluwa pamtengo, kuviika mu utoto, di! di! pansalu yoyera, maluwa n'kumera pomwepo. Zibangili zofewetsedwa pamakala ngati phula, kuzipinda zili zamoto. Nyumba ya mawindo osawerengeka, m'mene akazi a mfumu ankasuzumira msewu iwo osaoneka.

"Mawindo onsewo?" anatero amayi anga, osadzutsa mutu. "Mama, limenelo ndi khola la nkhunda."

Anthu ankaseka, koma kuwagonjetsa ayi, chifukwa Anaphiri anali ndi chithunzi. Ankachisunga m'buku la nyimbo. Iwo ali pamwamba pa njovu yojambulidwa maluwa kumaso, kumbuyo kwawo chipata chachikulu ngati tchalitchi. Chikatuluka chithunzi, pakamwa ponse tseke. Mwana wawo Esinati, msinkhu wanga, ndiye ankachigwira m'mbalimbali n'kumandiuza kuti, "Iwe usakhudze, manja ako ali ndi dothi."

Amayi anga sanapitirirepo pa Karonga. Ine sindinapitirirepo pa Kaseye. Nsanje, abale, nsanje! Inkandidzutsa, inkandiperekeza kuchitsime, inkabwera nane.

Tsiku lina Anaphiri analowa m'nyumba kukatenga shuga, buku lili pamphasa, mbaula ili ngwee. Dzanja langa linachita lokha, chithunzi pamakala. Njovu inapindika, inada, inatha.

Kuyambira pamenepo, akangoti "ku Rajasitani", wina ankayankha kuti, "Nanga njovu ija ili kuti, yathawira ku Nyika?" Obwera kumene, amene chithunzi sanachione, anawapatsa dzina loti Ananjovu. Ngakhale amene anachiona anayamba kunena kuti mwina inali nsalu yojambula ya kwa wojambula zithunzi. Nkhani zinauma. Anaphiri ankangosola mtedza ngati wina aliyense, bodza litawamatirira zaka zonsezi.

Loweruka lija m'mawa ndinakwera kabaza kukawatenga Anaphiri. Amuna awo anamwalira, iwo amakhala ndi Esinati kuseri kwa msika, maso atachita ng'ala. Pofika nawo pakhomo panga, anthu anali atadzaza pansi pa mango.

Foni inalira dzuwa lili pamutu. "Amama, taonani chipata!" Ndipo ndi izo, njovu, zamaluwa kumaso, zikukwera phiri pang'onopang'ono anthu ali pamsana.

"Chiuta wane!" anakuwa mnansi wanga Namwaka. "Zazipenta nadi!"

Anaphiri sanaone kanthu, anangotchera khutu. "Mwanawe, usataye nthawi pabwalo. Kwera masitepe, upitirire mpaka kuchipinda cha magalasi. Ukafika uyang'ane kudenga."

"Agogo, mwadziwa bwanji?" Tumpale anaseka uku akupuma befu. Patapita kanthawi anakweza foni, ndipo denga lonse linali tizigalasi, tikuphethira ngati mvula yogwa dzuwa likuwala.

Anthu onse anatembenukira kwa Anaphiri. "Mama, tsono njovu pokwera amachita makwerero?" "Simunagwe?" "Nsalu zija amadindira pati?" Ine anandipatsa misana. Foni yanga, mwana wanga, mango anga, mphasa zanga! Ndi imvi zangazi, kanthu kaja kanadzukanso pamtima, kamoyo ndithu, mano ake onse.

Ndinaona kuti ndikakasiya kandidya kachiwiri. Ndinagwada pamapazi a Anaphiri. Ndinkafuna kunong'ona, koma mawu anatuluka okwera.

"Amayi, chithunzi chija sichinasowe. Ndinatentha ndine."

Esinati anandiyang'ana ngati andimeze.

"Ndinakuona pawindo, Nalungwe," anatero Anaphiri. "Ndikananena, amayi ako akanakusenda khungu. Ndinati abwera yekha. Wachedwa, koma wabwera ndi njovu yoyenda. Tasuntha apo, ukunditchinga mawu a mwana wathu."

Wathu! Wanga uja wasanduka wathu, ndipo ndikane bwanji? Ndinasuntha. Ndinaimba nthungululu misozi ili mbwe, ina yachimwemwe, ina mukuidziwa kale.

Tsono ndiwatchule onse amene anabwera kudzasangalala, kuti mawa wina asadzanene kuti sanaone. Analipo Namwaka ndi mng'ono wake Namfukwe. Analipo aSimkonda a kutchalitchi ndi akazi awo. Analipo Nakayange wa khofi, wotsika ku Misuku. Analipo aBanda atelala, tepi ili m'khosi. Analipo amayi anga pampando wawo, manja pakamwa. Analipo Esinati, amene mpaka lero moni wanga amayankha ndi mphuno. Ndipo analipo Anaphiri a ku Dedza, amene anakweradi njovu.