Liwombo la Tadala

Ndikukumbukira zaka zimene malonda a kaunjika analoledwa ku Tanzania, amayi n'kuyamba kulawirira kumsika wa Kariakoo kukapikula zovala. Tinkakhala m'chipinda cha lendi ku Temeke, abambo ali pamsewu wa ku Malawi ndi lole. Ine, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi, ndinkatsala ndi mng'ono wanga Tadala, khanda losayamba n'kukwawa komwe.

Makolo anga anali a ku Malawi, koma ine ndinabadwira komweko, choncho Chichewa ndinkangomva, kuyankha ndinkayankha m'Chiswahili. Tsiku lina amayi anandionetsa malo ofewa pamutu pa Tadala, pamene khungu linkadikhadikha.

"Apa ndi paliwombo," anatero. "Kwathu amati dzinali linabwera chifukwa cha kuwomba kwakeku. Likamagunda bwino, mwana alinso bwino. Usadinepo."

Ngati dzinalo linachokeradi kumeneko sindidziwa. Koma kuyambira tsikulo ndinkaliyang'anira ngati mkaka uli pamoto.

Mvula itafika, Tadala anayamba kutsegula m'mimba. M'mawa wina amayi atachoka, ndinaona liwombo lalowa m'kati, lachita kadzenje koti n'kusunga madzi. Ndinathamangira kwa anaPhiri, mayi wa ku Dedza amene tinkakhala naye mpanda umodzi.

"Liwombo lagwa ili, mwanangu," anatero. "Kwathu timamata ndi phulusa ndi nsatsi. Kuno m'phulusamo tingothira mafuta a nazi, a kokonati aja."

Anamata phala lakuda pamutu ponse pofewapo n'kubwerera kochapa. Iwo mtima unakhala pansi, ine mantha anachita kuwirikiza. Sindinkaonanso kugunda kuja. Tadala anasiya kulira, maso atalowa, milomo itauma gwa. M'chipindamo munkangomveka ntchentche. Ndinaganiza kuti wafera m'manja mwanga ndipo amayi adzandipeza nditabereka mtembo.

Ndinapala phalalo ndi chikhadabo. Pansi pake panali kugunda, koma kwapatali zedi. Ndinam'bereka n'kuthamanga m'matope mpaka pa kachipatala kena kamene kanali katangotsegulidwa m'dera lathu. Namwino atafunsa vuto, Chiswahili changa chonse chinathawa. Ndinangoloza pamutupo ndikulira kuti, "Liwombo, liwombo."

Anayang'anapo kamodzi, n'kundilanda mwanayo. Anati mutu ulibe vuto, koma m'thupi madzi atha, ndipo tikanachedwa akanapita. Anamuika diripi. Amayi anatipeza masana, ine maso ali pakadzenje kaja, ndikuonerera kakudzaza pang'onopang'ono. AnaPhiri anabwera nawo, atanyamula phala la mwana, akulira kuposa tonse.

Sindiwaimba mlandu, anachita zimene anaphunzira kwawo. Koma lero ndikumvetsa kuti liwombo la Tadala silinkadwala. Linkatiuza zimene khanda silikanatha kunena, ife n'kulimata pakamwa. Tadala ndi mayi tsopano. Atandipatsa mwana wake woyamba kuti ndimunyamule, anthu ankakangana za amene wafanana naye. Ine ndinayamba ndamuvula kachipewa kuti ndione liwombo.