Karima ndi Ndime Yopanda Mwini

Karima anatsika minibasi pa Khombedza kutada kale. Chikwama chimodzi. Foni yotsala pang'ono kuzima. Malowa sankawadziwa. Anabadwira ku Kawale, anakulira ku Kawale, ndipo za kunyanja ankangozimva kwa amayi ake.

Wakabaza anamufunsa komwe akupita. Anatchula amalume ake, a Sulaiman, mwalimu wa madrasa, sukulu ya Chisilamu, kumudzi wina wa asodzi. Wakabazayo anati amawadziwa. Karima anakwera, n'kuyamba njira yamchenga. Ankalira chamumtima, kumbuyo kwa munthu wosamudziwa.

Inu amene maphunziro akukuwawani panopa, imvani nkhaniyi. Ndinaitola komweko paulendo wina. M'maulendo mumamveka zambiri. Zambiri zimaiwalika. Iyi ayi.

Sabata imene anafika kunyanjayo, Karima anayenera kukhala akuyesa gauni. Anali m'chaka chomaliza pakoleji ina ku Lilongwe. Pepala lake la kafukufuku linali lonena za kuwonongeka kwa usipa nthawi ya dzinja. Aphunzitsi ake, a Lawson, atalilowetsa m'kompyuta yofufuza zokopera, masamba anafiira. Ndime ndi ndime, mawu a anthu ena. Dzina la mwini mawu, ngakhale limodzi, panalibe.

Komiti inagamula mwachidule. Akhale kunyumba chaka chathunthu. Alembenso pepalalo. Mwayi ndi umodzi wokha. Likapezekanso ndi mawu opanda mwini, koleji yathera pomwepo.

Koma Karima sanali waulesi. Ali mwana, ku madrasa ya ku Kawale, ankatchuka ndi kuloweza. Mwalimu akanena, iye ankabweza osasintha ngakhale liwu limodzi. Kusekondale chimodzimodzi: manotsi m'mutu, manotsi papepala, malikisi pamwamba. Anakula akudziwa kuti mawu a anthu ophunzira sasinthidwa, kuwasintha n'chipongwe. Ndiye atawerenga mabuku a akatswiri anawasunga mwaulemu, n'kuwatsanulira papepala momwe analili. Atamutchula wakuba, anadabwa zenizeni.

Amayi ake, mayi wamasiye wogulitsa tomato, anali atauza kale mzere wonse wa pamsika kuti mwana wawo avala gauni. Mayiwo analibe nkhope yobwererako ndi nkhani ina. Anati Karima ayambe wapita kwa amalume ake mpaka anthu aiwale.

Kunyanjako kunalibe womunyengerera. Akazi a amalume ake, a Asiya, m'mawa mwake anamupatsa beseni. Ntchito inali kuyanika usipa pathandala, kuutembenuza, ndi kuthamanga nawo mitambo ikada. Amayi a pathandala anamupatsa dzina tsiku lomwelo. Ankangoti Digiri. Digiri, tembenuza uko. Digiri, khwangwala uyo.

Ankaseka nawo. Koma pepala lija sankalikhudza. Miyezi inkapita. Akatsegula chikwama n'kuona mapepala a fotokope, ankachitsekanso msanga.

Tsiku lina Lachisanu, atachoka kumzikiti, amuna angapo anakhala pakhonde la a Sulaiman. Panali mkangano wa kagawidwe ka nsomba. Ayub, mwini bwato la injini, munthu wokonda kupambana pakamwa, anafuna kutseka nkhani. Anatchula mawu ena okoma, n'kunena kuti ndi a Mtumiki.

A Sulaiman anamuyang'ana.

"Mawu abwino, Ayub. Wakuuza ndani?"

"Ananditumizira pafoni, mwalimu."

"Ndani?"

"Pagulupu."

"Gulupu ndi shehe wakuti ameneyo? Anaphunzira kwa yani?"

Khonde lonse linaseka. Ayub nayenso anaseka, akukanda m'mutu. Ndiye mwalimuyo anafotokoza modekha. Anati hadisi, mawu a Mtumiki, imayenda ndi mzere wa anthu ake: uyu anamva kwa uyu, uyo kwa uyo, mpaka kuchiyambi, ndi buku limene inalembedwamo. Anati kutchula eni ake n'kumene kumapatsa womvera mpata wokatsimikiza yekha. Mawu opanda mzerewo, ngakhale akome chotani, iye sawanyamula.

Karima anali m'nyumba akuthira tiyi. Anaima ndi ketulo m'manja mpaka a Asiya anamufunsa ngati tiyiyo akudikira wa mawa.

Alendo atapita, anakakhala pansi pafupi ndi amalume ake. Anawauza kuti zimene iwo amufunsa Ayub n'zomwezo a Lawson anamufunsa iyeyo. Amalumewo anali akudziwa kale nkhani yake, kungoti sanaiyambitsepo.

"Mwananga, kuloweza unaphunzira bwino," anatero. "Koma unangotenga theka. Mawu amayenda ndi mwini wake."

Tsiku lotsatira Karima anaimbira a Lawson. Sanapemphe chifundo. Anapempha malamulo. A Lawson anamuuza momveka. Ukatenga mawu a munthu momwe alili, uwatsekere m'mitengero, timakoma tiwiri tam'mwamba tija, kenako dzina lake, chaka cha buku ndi tsamba. Ukatenga ganizo lake n'kulinena m'mawu ako, dzina ndi chaka zikhalepobe. Kumapeto kwa pepala, mabuku onse aonekere, kuti wofuna kukafufuza akafufuze. Anawonjezera kuti akatswiri sakwiya ukanena ganizo lawo m'mawu ako. Amakwiya ukawabisa.

Apa m'pamene panayambira ntchito yowawa. Mafotokope ake ambiri analibe zikuto. Anali masamba chabe, ojambulidwa kuchokera kwa mnzake, amenenso anajambula kwa wina. Mutu wa buku palibe. Wolemba palibe. Zina zinali zithunzi za pafoni. Zina zinali m'mutu mokha.

Anayamba kusaka chiganizo chimodzi chimodzi. Kumudziko netiweki inali yodukaduka. Akamaliza za pathandala ankapita pa Khombedza, kuchajitsa foni, kukhala pakhonde la golosale n'kumalemba ziganizo zija pa intaneti kuti aone komwe zinachokera. Masiku ena ankapeza eni atatu. Masiku ena palibe. Ankapitanso ku laibulale ya pa Salima, chitenje chikununkha usipa, anthu akumutalikira pabenchi. Iye osasamala.

Mwini akapezeka, Karima ankawerenganso ndime yonse, kutseka buku, n'kudzifunsa kuti munthuyu akuti chiyani kwenikweni. Poyamba mawu oloweza aja ankangobwera okha. Ankafufuta. Kuyambanso. Pang'onopang'ono anayamba kumva liwu lake papepala. Linali losakongola ngati la akatswiri. Koma linali lake.

Anazindikiranso kanthu kena. Ankalemba za usipa wa m'mabuku pomwe usipa weniweni unali m'manja mwake tsiku lililonse. Anapempha chilolezo kwa a Lawson kuti afunse amayi a pathandala. Anavomera, bola aliyense avomere yekha ndipo anene ngati akufuna dzina lake lituluke. Ena anakana maina. Karima anawalemekeza. Ena anati lembani, tione ngati ku Lilongwe amatidziwa.

Nthawi yopereka itayandikira, panatsala ndime imodzi. Inali yotsegulira pepala lonse, yokongola kuposa zonse. Karima ankaidziwa pamtima. Anaisaka pa intaneti, osaipeza. Anaisaka m'mafotokope, osaipeza. Sankakumbukira ngati anaiwerenga penapake kapena anailemba yekha.

Anaimbira mnzake wa m'kalasi, Ella, amene anali atavala kale gauni. Ella anamukumbutsa kuti ndime imeneyo kompyuta sinaifiiritse ulendo woyamba uja. Anati aisiye momwemo, palibe amene adzadziwe, ndipo popanda iyo pepalalo liyamba mozizira.

Ella sankanama. Ndimeyo ikanadutsa mwina. Ndipo Karima ankafunitsitsa kuti komiti ione kanthu kowala patsamba loyamba. Anazungulira nayo nkhaniyi masiku angapo. Kenako anaiwerengera amalume ake.

"Ndi yako?" anafunsa a Sulaiman.

"Sindikudziwa, amalume."

"Ukaima pamaso pa anthu aja, akakufunsa funso lomweli, uyankha chiyani?"

Karima anadzuka. Anapita kukaifufuta. Mpaka lero sadziwa mwini wake.

Tsamba loyamba linatsala ndi dzenje. Anapita pathandala ali ndwii. A Asiya anali akudandaula za mvula ya dzulo lake, imene inanyowetsa usipa wa amayi awiri. Polankhula anangoti mvula ikapeza usipa pathandala, iwo sayang'ana madengu, amayang'ana mwana amene asiye sukulu teremu imeneyo.

Karima anawapempha kuti abwereze. Anawafunsa ngati angayambe pepala lake ndi mawu amenewo, momwe awanenera, ndi dzina lawo.

"Dzina langa m'buku la kukoleji?"

"Eya, anti. Dzina, mudzi, ndi tsiku limene mwanena."

"Ndiye ulembe bwino. Asiya wa kwa mwalimu Sulaiman. Asaganize ndi Asiya wa kumtunda uja, usipa wake umachita kununkha uli m'madzi."

Amayi a pathandala anafa nacho chiseko. Karima analemba. Za Asiya wa kumtunda anazisiya.

Pepala linapita. Yankho linachedwa. Karima anabwerera kubeseni lake, kutembenuza usipa, foni ili m'chitenje. Tsiku lina masana inalira. Anali a Lawson. Anati pepala ladutsa m'kompyuta, ndipo paliponse pomwe paoneka mawu a wina, mwini wake ali pomwepo. Anati iwo eni anatenga maina angapo kumapeto kuja n'kukatsegula mabukuwo, masamba anagwirizana. Komiti yavomera. Abwere akamalize zotsala. Anafunsanso ngati mayi Asiya angalole kuti mawu awo awerengedwe kwa ophunzira a chaka choyamba.

A Asiya anati alola, koma awerenge mokweza.

M'mawa mwake, atangoswali swala ya m'bandakucha, Karima anakwera lole yonyamula nsomba yopita ku Lilongwe. A Sulaiman anamupempherera mwachidule. A Asiya anamukankhira jumbo ya usipa pamiyendo, ya amayi ake, n'kumuuza kuti akanene pamsika paja kuti wayanika ndi Digiri. Lole inanyamuka asodzi akungotuluka kumene m'madzi.

Gauni anavala chaka chimenecho. Lero, ophunzira atsopano akabwera kwa iye ndi mapepala awo kuti awathandize, funso lake loyamba silisintha. Amaloza ndime n'kufunsa kuti ananena ndani.

Tsono inu amene pepala lanu labwezedwa, kapena mwalephera pamene anzanu adutsa, musadziyese kuti mwatha. Karima anagwa pamaso pa komiti, pamsika wa amayi ake, ndi pamaso pake pomwe. Anadzuka ndi ntchito yosaoneka, yosaka eni mawu mmodzi mmodzi. Chitani chimodzimodzi. Za eni, tchulani eni. Zokayikitsa, zisiyeni, ngakhale zikome. Zotsalazo n'zanu, ndipo palibe adzakulandeni.

Mtima usagwe. Tsegulani pepalalo lero.