Dzanja Loyamba pa Hendulo

Ndiulule ndekha musanamve kwa ena: ine ndinkakhulupirira kuti injini ikaphwasulidwa n'kumangidwanso imaiwala mwini wake, ndipo imamvera dzanja limene layamba kuiliza. Sekani. Sukulu ndinalekera panjira, koma nzeru imeneyi ndinaipeza ndekha.

Injini yake ndi ya chigayo changa ku Lungwena, yadizilo, yopukusa ndi hendulo, yakale kuposa mwana wanga woyamba. Itayamba kufuka ngati uvuni wa njerwa, ndinaitana makaniko wa ku Mangochi. Anaiphwasula, kuika zitsulo zatsopano zam'kati zotchedwa maring'i, n'kuimanganso. Atafuna kuiliza ndinamugwira mkono.

"Ndiliza ndekha mawa."

"Chabwino madala, koma ilimba. Zitsulo sizinazolowerane. Muziipukusa pang'onopang'ono, oilo ayende."

M'mawa ndinagwira hendulo. Kaya! Ngati ndikupukusa mlambe. Za pang'onopang'ono zija ndinaziiwala, poti amayi anali atandanda kale ndi matumba a chimanga, maso onse pa ine. Ndinavula malaya. Ndinakankha ndi phewa. Gudumu linkayenda theka, n'kubwerera kudzandinyoza.

"Agogo, tingopita kumtondo?" anatero mtsikana wina wokwatiwa chaka chatha chomwechi.

"Pita, manja akowo aphunzireko ntchito!"

Dzuwa lili pamutu akazi anga anatulukira ndi tiyi, kumbuyo kwawo kuli mkulu wina wa ku Katuli wogula usipa, amene makolo ake anachokera ku Mozambiki. Ameneyu anawafunsirapo akazi angawo tili anyamata, ndipo mudzi wonse umadziwa. Ndevu zayera mbuu, koma mikono ikadali yathanzi, sindikudziwa amadya chiyani.

"Achimwene, mukulimbana nayo ngati ng'ona bwanji? Imeneyi imafuna kunyengerera," anatero mkuluyo.

Sanapemphe n'komwe. Anatukula kachitsulo kotulutsira mpweya, kudontheza oilo, n'kuyamba kuyendetsa gudumu ndi chikhatho, kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, uku akucheza ndi akazi anga zakale, akumwa tiyi wanga. Amayi ankatsinana, akundiyang'ana cham'mbali, kudikira kuti ndiphulike. Ine maso anali pa chikhatho chija, chikusisita gudumu limene ndakhala ndikulipukuta ndekha zaka zonsezi. Ndipo injini yopanda manyaziyo inayamba kufewa. Ndinaiona ndi maso angawa ikumugonjera.

"Basi, ndipatseni!"

Ndinachedwa. Anali atagwira kale hendulo. Anapukusa mosavutika, kutsitsa kachitsulo kaja, basi thu! thu! thu-thu-thu! Amayi nthungululu. Iye anapukuta manja ndi nsanza yanga.

"Yalira bwino, achimwene. Muziikonda."

Kundiphunzitsa ine kukonda!

Ndinagaya mpaka madzulo. Kulira kwake komwe kunkandimvekera kwachilendo, ngati ikuyankhula Chipwitikizi. Anthu atatha ndinaizimitsa n'kuiyesa ndekha. Inalira, inde, koma monyinyirika, ngati ikufunsa kuti wa ku Katuli uja wapita kuti.

Kunyumba chakudya ndinangochilawa. Akazi anga ankatsitsa neti ya udzudzu, osandiyang'ana, kenaka anati:

"Abambo, munthu uja ndinachita kumuitana dala. Ndinavala ndi chitenje chatsopano chomwe, ndinaseka mpaka nthabwala zake zosaseketsa. Inu tsiku lonse diso pa gudumu, ine osandiona n'komwe. Tengani mkeka mukagone kuchigayo konko, akazi anu ndi amenewo."