Chiwindi chimene bambo anakana

Kwathu kwa Kanduku, mbuzi ikaphedwa chiwindi chinali cha bambo. Ankadya atakhala pakhonde, tsabola pambali, ife ana tikumeza malovu. Ndimawasowa masiku amenewo.

Impso zawo zitasiya kugwira ntchito, tinayamba kupita nawo ku Blantyre kawiri pa sabata kuti makina akawasefe magazi. Chiwindi chawonso chinali chodwala kuyambira kale. Dokotala anatiuza kuti poti anawawonjezera magazi kambirimbiri, mchere wa m'magazi wotchedwa ayironi unachuluka m'thupi, ndipo unkaunjikana m'chiwindimo n'kumachiwononga. Choncho ziwindi, nyama yofiira ndi mapiritsi owonjezera magazi, zonsezo asiye.

Mayi sizinawalowe m'mutu. "Munthu wayezuka chonchi, manja ali mbee, n'kumati asadye zowonjezera magazi?" Sindiwanena. Kwathu munthu akayezuka amamuthamangira ndi chiwindi, ndipo aliyense wodzazonda matenda ankabwera nacho m'kambale. Ine ndinasanduka wapolisi wa pakhomo, kuvundukula mapoto, kubweza mbale za eni. Azakhali anatha mwezi osandilankhula.

Tsiku lina ndinabwerako msanga kumsika, fungo n'kundichingamira pachipata. Ndinapeza mayi kuseri kwa khitchini atazyolikira pambaula, akutembenuza chiwindi mobisa. Mtima unandipsa, ndipo ndinalankhula mawu amene mpaka lero amandichititsa manyazi: "Amayi, mukufuna kuwapha?"

Mayi anangoti kukamwa yasa, misozi ili mbwembwembwe.

Bambo anamva ali m'nyumba. Anatiitana tonse awiri, nati chiwindicho chibwere m'mbale. Mayi anaika pamiyendo pawo. Ine ndinkadziwa kuti akafuna kudya, palibe wowaletsa. Ananunkhiza nthawi yaitali atatsinzina, ndipo ndinaona pakhosi pawo pakuyenda.

"Iwe, amayi ako sakundipha ayi," anatero. "Akundisamala mmene anaphunzirira. Upepese."

Ndinagwada n'kupepesa. Kenako bambo anakankhira mbale ija kwa mayi, nati:

"Amayi, ine ndikufuna ndikhale nanu kanthawi ndithu, ndiye ichi sindidya. Koma zaka zonsezi mwakhala mukundiwotchera, kodi munalawako? Idyani ndikuoneni."

Mayi anakana kawiri. Kachitatu anatenga kanthuli, n'kutafuna pang'onopang'ono uku akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Chikukoma?" bambo anafunsa.

"Chikukoma," anayankha mayi. "Sindinkadziwa kuti takulandani chinthu chokoma chonchi."