Yankho la Amayi Linalibe Bokosi

Ndikukumbukira tsiku limene ndinayankha funso lomwe silinali langa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, tikukhala kwa Mlolo ku Nsanje, m'nyumba imene makoma ake anali akadali ndi mzere wa matope posonyeza pomwe madzi osefukira a chaka chimenecho analekezera.

Kunabwera mayi wina wa m'tauni, thukuta lili kamukamu, mapepala ali m'manja. Anati akufufuza maganizo a anthu pa za dziko, ndipo mayina salemba. Amayi anga Chichewa ankachimva, koma zakukhosi ankazinena m'Chisena, ndiye anandikhazika pamphasa kuti ndizimasulira. Ine ndi kasitandade sikisi kanga, ndinadzimva ngati kalaliki wa ku boma.

Mafunso oyamba anali opepuka. Mumagula sopo wanji? Mumamvera wailesi? Chisankho chitachitika lero mungakavote? Kenako linabwera lija.

"Boma litakupatsani malo kumtunda, mungasamuke kuno?"

Amayi anayang'ana ku dambo. Atayamba kulankhula sanalekeze msanga. Anati kugona kumtunda angakonde, atopa ndi kuthawa madzi mwana ali kumsana. Koma kumtundako nthaka ndi youma, mjigo uli kutali, ndipo mbatata ndi chimanga zimene zimatidyetsa zimachokera kudimba la kumtsinje, madzi akaphwa. Boma litawalola kumanga kumtunda n'kumalimabe dimba lawo, mawa lomwe anyamula mphasa. Koma kuwalanda dimba, "nkhabe", ayi.

Ndinamasulira zonse, osasiyako. Mlendoyo anamvetsera bwinobwino, sindingamunamizire. Kenako anandionetsa pepala. Panali timabokosi titatu: inde, ayi, sindikudziwa.

"Ndiye tichonge pati, mwanawe?"

Ndinawafunsa amayi. Iwo anangoti, "Ndanena kale. Uwauze zomwezo," n'kunyamuka kukapitikitsa mbuzi yomwe inkadya ufa pamkeka. Mlendo ankayang'ana dzuwa, nyumba zina zikumudikira. Ine ndinayamba kusinkhasinkha. Ndikati inde, atilanda dimba. Ndikati sindikudziwa, amayi aoneka ngati chitsiru, chikhalirecho alankhula zanzeru zokhazokha.

"Ayi," ndinatero. Cholembera chinachonga, basi.

Patapita miyezi, tinamva pa wailesi ya oyandikana nawo kuti kafukufuku wapeza kuti anthu ambiri a kuchigwa safuna kusamuka. Bambo wina anaimba foni ku wailesiko n'kunena kuti ndife osamva, tinazolowera zolandira. Amayi anaomba m'manja kamodzi. "Ii, ndani wakana? Ife tinakana liti?" Ine ndinkangotokosa pansi ndi kamtengo.

Dzinja lotsatira madzi anabweranso. Nyumba ija inagwa, mbuzi zinapita. Tili pa sukulu pomwe tinathawira, tikudikira phala pamzere, amayi ananditembenukira.

"Iwe, mayi wa mapepala uja unamuuza chiyani?"

"Zomwe munanena zija."

Anagwedeza mutu, n'kundikhulupirira. Zinandipweteka kuposa mbama. Kwa zaka zambiri ndinkaona ngati ndine ndinatitsekera malo a kumtunda ndi pakamwa panga.

Lero ndikudziwa kuti kachongedwe kamodzi sikagwetsa nyumba, ndipo mwina ndikanati inde sipakanasinthabe kanthu. Komatu zimenezo sizinditonthoza. Nditabwerera pamphasa paja, ngakhale ndi imvi zangazi, sindidziwabe bokosi lomwe ndingaloze, chifukwa zomwe amayi ananena munalibemo.

Kuno ku tauni, mvula ikavuta, ndimamva m'minibasi: "Anthu a ku Nsanje n'ngokanika, anawafunsa, anakana okha." Ndimatsegula pakamwa kuti ndifotokoze za dimba ndi mjigo, koma nkhaniyo ndi yaitali, ndipo munthuyo amatsika pa siteji yotsatira. Amayi anamwalira akukhulupirirabe kuti mawu awo anafika ku boma onse, monga anawanenera.