Maliro a Obby pa Intaneti ya ba Mordecai

Ba Mordecai anayamba ndi makala. Zaka zisanu ndi zinayi anakhala akukankha matumba panjinga kuchokera kuthengo mpaka m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata, kufikira msana unawauza kuti basi. Anayesako zogulitsa nthochi kwa apaulendo, koma kuthamangira mawindo a basi kumafuna miyendo ya anyamata. Ndiye anakhazikika pamsika wa Rufunsa, m'kantemba ka malata, ndi laputopu yakale imene mlamu wawo anawasiyira, n'kuyamba ntchito yoika nyimbo ndi mafilimu m'mamemore a mafoni a anthu.

Ndi ntchito yokhala pansi, koma musanamizidwe, imatopetsa. Wina afuna nyimbo za kwaya, wina filimu ya Amwenye ya zigawo mazana awiri, ndipo aifuna lero lomwe chifukwa minibasi ikumudikira. Zonsezi ziyenera kutsitsidwa kaye pa intaneti, pamene mabandulo a m'foni ankasungunuka ngati mchere m'madzi. Choncho tsiku limene munthu wa kampani ina anabwera ndi kabokosi koyera ka rauta, n'kunena kuti iyi ndi intaneti yopanda malire mwezi wathunthu, ba Mordecai sanafunsenso zambiri. Timalemba ting'onoting'ono ta kuseri kwa pepala sanawerenge. Ndani amawerenga zimenezo? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Iwo anakulira kumudzi kumene munthu sakaniza mnzake moto. Wina akabwera ndi phale kudzapala, umamupatsa, poti wako sutha. Ba Dolly a ku saluni atabwera kudzapempha pasiwedi, ba Mordecai anaganiza chimodzimodzi: chinthu n'chopanda malire, ndimanirenji? Anawalembera pakapepala. Kapepalako kanapita kubutchala, kuchoka apo kanafika kwa madalaivala a pasiteshoni, ndipo pomatha miyezi iwiri theka la msika linkaonera mpira ndi maulaliki pa kabokosi kawo. Anthu ankawapatsa moni kuchokera patali, ndipo kunena zoona, zinkawakomera.

Chodabwitsa n'chakuti mwezi uliwonse ukafika pakati, intaneti ija inkayamba kukwawa. Ba Mordecai ankanamizira mitambo, mphepo, magetsi ozimazima. Anafika pomangirira rauta kunsonga ya nsungwi pamwamba pa denga kuti igwire bwino. Tsiku loyamba la mwezi watsopano liwiro linkabwerera, iwo n'kumati nsungwi yathandiza. Ankangopirira, poti munthu amene anakankhapo makala pachitunda sadandaula ndi kudikira.

Amayi Edness anafika Lolemba lina, mwezi uli pa 22. Anali mayi wachikulire wa mudzi wa kuseri kwa Mpanshya, atavala duku lakuda, foni yaing'ono ataimanga pakona ya chitenje.

"Ndimwe ba Mordecai, amene muika vinthu mu memore?" anafunsa motero.

"Ndine, amai. Nkhalani apa. Mufuna nyimbo?"

"Iyayi. Mwana wanga Obby anafera ku Joni. Anamuika komweko, ife sitinakwanise kuyenda. Anzake anajambulitsa maliro, manje atuma uthenga uyu. Akuti vonse vili m'menemo. Nifuna chabe nione mwamene anamuikira."

Ba Mordecai anawerenga uthengawo n'kutsegula tsamba lake pa laputopu. Vidiyo inali m'zigawo zitatu, zazikuluzikulu, poti wojambula wolembedwa ganyu saumira. Pansi pake panalembedwa kuti zonse zidzafufutidwa Lachinayi masana. Anafunsa ngati anzake a Obby angatumizenso, koma amayiwo anati nambala ija siikupezekanso chitumizireni uthengawo.

"Musadandaule, amake Obby," anatero ba Mordecai. "Masiku atatu ni yambiri."

Anadina chigawo choyamba. Kamzere kosonyeza mmene chatsikira kanasuntha pang'ono, n'kuima. Laputopu inati patsala maola makumi anayi. Ba Mordecai anawerengera mumtima maola a zigawo zonse zitatu, n'kulimbitsa nkhope. Amayi Edness anakhala pabenchi tsiku lonse, manja ali pamiyendo, maso ali pakamzereko ngakhale sankadziwa kuwerenga. Dzuwa litapendeka anapita kukagona kwa mdzukulu wawo pafupi ndi chipatala.

Lachiwiri ba Mordecai anasiya nsungwi n'kuimbira kampani. Anadikira nthawi yaitali akumvera kanyimbo, kenaka kunabwera mawu a mtsikana waulemu kwambiri, ulemu wa munthu amene wayankha funso lomwelo kambirimbiri. Anawauza kuti adutsa mulingo wa mwezi uno, ndipo aliyense wotsitsa zambiri amamuchepetsera liwiro mpaka mwezi uthe.

"Koma munakamba kuti ilibe malire," anatero ba Mordecai.

"Siinazime, atate. Isebenza, koma pang'onopang'ono."

"Kuli maliro kuno, mayo. Nitsegulirenkoni chabe masiku awiri."

Mtsikanayo anapepesa, anati makina ndi amene amatseka okha, ndipo anawafunira tsiku labwino.

Apa ndi pamene ba Mordecai anamvetsa kumene intaneti yawo inkapita miyezi yonseyi. Manyazi anawagwira, limodzi ndi kamkwiyo kosowa pokagwera. Anasintha pasiwedi nthawi yomweyo. Pasanathe ola, ba Dolly anatulukira ndi chipeso m'manja kudzafunsa ngati kabokosi kawonongeka. Atamva kuti atsekeredwa dala, anangoti, "Oho, manje mwalemera," n'kubwerera. Wa butchala anadutsa osayang'ana. Zikanakhala kuti zathandiza, bwenzi zili bwino. Koma madzi akatayika saoleka: mulingo unali utatha kale, ndipo kamzere kaja kanapitiriza kuyenda ngati nkhono.

Anakana makasitomala onse kuti laputopu isagwire china. Lachitatu m'mawa chigawo choyamba chinatha kutsika. Anafuna kuwaonetsa amayi Edness, koma iwo anakana.

"Nizaonera pamodzi vonse. Maliro sapenyera theka."

Ba Mordecai anagula bandulo pafoni yawo kuti chigawo chachiwiri chithamangeko. Chinathamangadi, mpaka kudutsa pakati, kenaka bandulo inatha, ndipo pobwerera ku rauta chinayambiranso pachiyambi. Anatuluka panja, anaima kuyang'ana malole odutsa, n'kubwerera kudzakhala. Anali atatopa kutopa kumene makala sanawatopetsepo, poti thumba la makala ukalikankha limasuntha.

Lachinayi amayi Edness anabwera ndi kathumba kawo, okonzeka kukwera minibasi. Anabweretsanso chinangwa chophika, n'kugawira ba Mordecai. Anadyera limodzi. Nthawi ya masana itakwana, kamzere kanali kasanafike n'komwe pakati. Kanaima, ndipo tsamba lija linati palibenso kanthu.

"Amake Obby," anatero ba Mordecai, mawu ali pansi, "vakanga. Tili na chigawo chimodzi chabe. Mulandu ni wanga."

Amayiwo sanafunse kuti alakwa bwanji. Anasendeza benchi pafupi n'kunena kuti atsegule chomwe chilipocho.

Wojambula uja anayambira kutali. Anajambula msewu, mageti a tchalitchi, maluwa, anthu akutsika m'magalimoto, nkhope zimene amayi Edness sanazionepo. Kenaka kunafika galimoto yoyera. Amuna anatsegula kumbuyo n'kutulutsa bokosi lofiirira, lopukutidwa bwino. Amayi Edness anatambasula chala n'kuyamba kuwerenga onyamulawo mmodzimmodzi, chala chikugunda galasi la laputopu. Anali asanu ndi mmodzi. Kumbuyo kwawo azimayi ankaimba nyimbo ya chilankhulo china. Bokosi linakwera masitepe, linafika pakhomo la tchalitchi, ndipo chigawocho chinathera pomwepo.

"Bwezani pamene amunyamula," anatero amayiwo.

Ba Mordecai anabweza. Anaoneranso, n'kubwezanso kachitatu. Misozi ya amayiwo inkatsika koma sanaipukute, kuopa kuti china chingawadutse.

"Anali na anthu," anatero potsiriza. "Sanamutaye monga galu. Niikileni mu memore, nikaonetse atate ake."

Ba Mordecai anaika, n'kuwaonetsa podina kuti iyambe. Amayi Edness anamanganso foni pachitenje, anaimirira pang'onopang'ono, n'kunyamula kathumba. Atafika pakhomo la kantemba anatembenuka.

"Nanga atate ake akanifunsa kuti manda ali bwanji, nizakamba chani?"

Ba Mordecai anayang'ana pa laputopu, pamene vidiyo inali itaima pakhomo la tchalitchi. Amayiwo anadikira pang'ono, kenaka anawoloka msewu kupita kumene kondakitala ankaitanira a ku Mpanshya.